Mchere wa Ulusi Wofiira

1. Mpingo wa Ogona Chokhala

Anthu a pa Ntengo-Wambalame ali ndi pakamwa. Chinthu chachilendo chikangofika, dzina amachipatsa tsiku lomwelo, ndipo dzinalo silichoka ngakhale ulikweche ndi mchenga. Nyumba ya Dona Lurdes adaitcha Mpingo wa Ogona Chokhala.

Dona Lurdes adali namwino wa pa posto, kachipatala kathu kaja ka zipinda ziwiri. Adawatumiza kuno kuchokera ku Beira nkhondo isanakwere kumapiri. Itakwera, mankhwala adatha m'kabati koma odwala adachuluka. Ambiri sankadandaula malungo kapena chifuwa. Ankati mtima ukuthamanga, tulo tathawa, manja akunjenjemera. Awa adali anthu othawa m'midzi yotenthedwa, amene adamanga zisakasa kuseri kwa shikola, sukulu yathu ija, pabwalo pamene ana ankasewerapo mpira.

Posowa chowapatsa, Dona Lurdes adakumbuka zimene dokotala wina wachimwenye adawaphunzitsa ali pa maphunziro. Iwo ankazitcha yoga. Ife tinkangoti kudziwongola. M'mawa uliwonse asanapite ku posto ankayala mphasa m'chipinda chawo chachikulu. Anthu ankatambasula manja, kuwerama, kupinda msana ngati mphaka wodzuka kumene, kenaka n'kukhala pansi phee, maso otseka, aliyense kumvetsera mpweya wake.

Akatekisi poyamba adakayika. Adabwera kudzaona ngati simuli ziwanda, ndipo adachoka msana utasiya kuwawa. Kuyambira pamenepo mphasa yawo inkakhala pafupi ndi zenera, ndipo wina akaikhalira ankanyanyala.

Odete, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, sankaseka nawo dzina lija. Mayi ake, a Emília, adafika pa Ntengo osayankhula, amuna awo atafera m'mudzi. Mbale ikagwa pansi ankathamangira kukabisala. Atayamba kupita kwa Dona Lurdes adayambanso kugona tulo, ndipo tsiku lina mpaka adaseka. Choncho Odete ankaikonda nyumbayo, ndipo ankasesa pakhomo pake popanda womutuma.

2. Lamulo la Dengu

Dona Lurdes sankalandira ndalama. Zikadagulanji, m'loja, sitolo yathu ija, muli fumbi lokhalokha? Chimene chinkasunga nyumbayo ndi anthu ake lidali dengu lalikulu lovundikira ndi nsalu ya kapulana, limene linkakhala m'kachipinda, kuseri kwa chitseko.

Loweruka lililonse akatha kudziwongola, onse ankakhala pansi, maso otseka, n'kuyamba kung'ung'udza ngati njuchi. Dona Lurdes ankayenda pakati pawo n'kumakhudza munthu mmodzimmodzi paphewa. Wokhudzidwayo ankadzuka, kulowa m'kachipinda, n'kubwerera pamalo pake. Aliyense ankalowa, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Wokhala ndi kanthu ankaika: chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, kachidutswa ka sopo. Wosowa ankatenga.

Kwathu kuno kumazizira, aliyense amabwera atadzikuta, ndiye palibe ankadziwa chimene chalowa kapena chatuluka m'nsalu ya mnzake. Kung'ung'udza kuja kunkaphimba phokoso la dengu. Zotsala zinkapita ku phala la ana odwala.

Asanayambe, Dona Lurdes ankanena mawu amodzimodzi, mpaka ana adawaloweza n'kumawasewera kunja.

"Ana anga, ndi inu akuluakulu anga, tamverani. Anthu amati njala ilibe manyazi. Amene amanena choncho sanakhalepo ndi nkhokwe yawoyawo. Muno muli anthu amene dzana lomweli ankadyetsa mudzi wonse. Munthu wotere akhoza kugona ndi njala mpaka kufa, kusiyana n'kutambasula dzanja anzake akuona. Ndiye dengu ili lili ndi lamulo limodzi basi, maso otseka. Chimene waika si chakonso. Usachilondole, usachifunse, usatsale ndi chingwe chake. Ukapatsa munthu mbuzi umamupatsa ndi chingwe chomwe. Ndipo ndikuuzeni zoona, tsiku limene wina adzatsegule diso muno, dengu ili silidzasweka ayi, lidzafa lili lathunthu. Anthu adzabwerera kukakumba m'minda ija anaithawa, ndipo mukudziwa amene akudikira kumeneko. Pronto, titseke maso. Devagar, musathamange."

Odete mawuwa ankawadziwa ngati pemphero la Atate Athu, ndipo ankatha kuwanena ali m'tulo.

3. Phukusi Lachiwiri

Chaka chimenecho mchere udasowa. Ndiwo zinkathiridwa chidulo, madzi a phulusa aja, ndipo ana ankadya akukwinya nkhope. Wofuna mchere ankasenza mbatata kupita nayo kumalire kukasinthitsa ndi a ku Malawi. Ulendo wake udali wodzera m'njira zachidule, mitima ili m'mwamba. Odete adagwira ganyu wokumba, adasenza dengu lake pamodzi ndi amayi ena, ndipo adabwerako khosi litauma, ali ndi mchere wodzaza kachitini.

Theka adapatsa mayi ake. Theka linalo adaligawa pawiri n'kukulunga m'makoko a chimanga. Phukusi loyamba adakaliika m'dengu Loweruka. Koma mumtima adali atasankha kale mwini wake. Ankafuna kuti lipite kwa a Terezinha, mayi wamasiye wa ana amapasa, amene chisakasa chawo chidayang'anana ndi cha kwawo.

Pakati pa sabata adapita kukacheza. Adapeza amapasa akudya chisoso chopanda kanthu, wina akulavula. Mchere sudafikeko.

Nkhaniyi adakauza Sofia. Awiriwa adali a ponda apa nane ndipondepo. Adathawa limodzi kuchokera ku Kaphande, mudzi wa kwawo, ndipo m'njira ankafunda nsalu imodzi. Sofia adali wochangamuka, wa lilime lothwa, ndipo Odete ankamukhulupirira pa chilichonse.

"Iwe Odete, ndiwe wogona ndithu, dzina la mpingo wathuwu anatchira iwe," adatero Sofia. "Unathyoka khosi kuti okhuta anyambite? M'dengu muja mumalowa manja a anthu oti kwawo ali nazo."

"Nanga ndingadziwe bwanji? Lamulo ndi maso otseka."

"Lamulolo anaikira anthu oona mtima. Kodi kuwateteza a Terezinha n'kulakwa? Tamvera ndikutsine khutu. Ukakhala pakona paja, pafupi ndi mtsuko, chitseko chili ndi mpata pamene chimagwirana ndi khoma. Dengu lonse limaoneka. Phukusi lakolo ulimange ndi chinthu chowala, n'kungosuzumira kamodzi. Adzadziwe ndani?"

"Bwanji osasuzumira iweyo?"

Sofia adaseka. "Mcherewo ndi wanga ngati?"

Odete adatsanzika n'kunyamuka. Atafika kwawo adasolola ulusi wofiira m'mphepete mwa juzi yake yakale ya kushikola, n'kumanga phukusi lachiwiri.

4. Mpata wa Chitseko

Loweruka Odete adalawirira n'kukhala pakona, pafupi ndi mtsuko. Anthu adadziwongola monga mwa masiku onse, mafupa a akatekisi akulira ngati nkhuni zouma. Dona Lurdes adanena mawu awo aja. Kung'ung'udza kudayamba.

Dona Lurdes ankayambira a kuzenera, ndiye mayi ake a Odete adali atalowa kale pamene dzanja lidafika paphewa pake. Adalowa, adaika mchere pamwamba, adavundikira, n'kubwerera. Adapitiriza kung'ung'udza ndi anzake, koma diso limodzi adalitsegula.

Woyamba kulowa pambuyo pake adali mkazi wa mphunzitsi, amene adaika chimanga n'kutuluka. Wachiwiri adali a Gervásio.

Ku Kaphande a Gervásio adali mwini ngolo ndi khola lodzaza ng'ombe. Anthu a mfuti a m'tchire adatenga ng'ombe zonse, adatenganso mwana wawo wamwamuna kuti awasenzere katundu, ndipo sadabwerere. Mpongozi wawo adamwalira m'njira. A Gervásio adatsala ndi adzukulu atatu ndi jekete lakuda la mabatani achitsulo, limene ankalisita ndi chitini cha makala. Anthu ankanong'ona kuti ali ndi ng'ombe zina ku Malawi. Loweruka ankabwera jekete litatukuka pachifuwa, ndipo aliyense ankati dengu likuyenda chifukwa cha iwo. Amayi ankagwada powapatsa moni. Odete ankawatcha a tiyu, ndiko kuti amalume, poti adali bwenzi la malemu bambo ake.

Adawaona akugwada pa dengu. Adatulutsa m'jekete kamtolo ka luzi n'kukaika mkati. Kenaka dzanja lawo lidafufuza, lidatenga kathumba ka nyemba, lidatenganso phukusi la ulusi wofiira. Adakhala kanthawi atalifumbata, mutu uli pansi, n'kuliika pachifuwa. Potuluka jekete lidali lotukuka chimodzimodzi monga polowa.

Odete adapsa mtima. Munthu amene onse ankamuthokoza ankalowa ndi makungwa a mtengo n'kutuluka ndi chakudya cha amasiye. Adaona kuti wapusitsidwa, iye pamodzi ndi anthu onse a m'nyumbamo, ndipo wowapusitsayo ndi a tiyu ake omwe. Kung'ung'udza kudamukanika. A Terezinha atadzuka kuti alowe, adatseka diso lake, posafuna kuona dzanja lawo likufufuza pachabe.

5. Lumbiro la Sofia

Sofia adamudikira m'njira, pansi pa mtengo wa pichesi.

"Waona ndani?"

"Sindinena."

"Ine ndakupatsa nzeru, ndiye undibisire? Ndi chinzake chimenecho?"

"Uyambe walumbira kuti suuza munthu."

"Ndalumbira, pali malemu agogo anga. Ndikanena mphezi indiwombe."

Odete adamuuza zonse, za luzi, za nyemba ndi za ulusi wofiira. Nkhope ya Sofia idawala ngati wapatsidwa nsalu yatsopano.

"A Gervásio? Omwe aja ankawalipira mayi anga mbatata zotemeka ndi khasu akagwira ganyu kwawo? Basi, ndamva."

"Walumbiratu, Sofia."

"Ndamva, mwali. Kodi ndidayamba ndakugwiritsapo mwala?"

Lumbiro la Sofia lidakhala moyo mpaka pa chitsime. Pofika tsiku la msika nkhani idali m'kamwam'kamwa, ndipo aliyense adathirako zake. Ena ankati a Gervásio amakokolola dengu lonse. Ena ankati amakagulitsa kumalire. Ena ankati polowa amadzaza jekete ndi miyala.

Odete adali pamsikapo pamene a Gervásio adafika, atagwira dzanja kamdzukulu kawo komaliza. Anyamata amene ankakonza njinga pansi pa mtengo adagundana zigongono.

"A tiyu, ndiwo zikukoma masiku ano?" adafunsa wina.

"Tigawireniko kamchere, patarawu, bwana wathu, ifenso ndife amasiye," adatero wina.

Anthu adaseka. Mayi wina amene kale ankagwada mpaka fumbi m'mawondo adangoyang'ana kumbali. A Gervásio adaima. Adamanga batani la pamwamba la jekete lawo, adapereka moni kwa onse mwaulemu, n'kutembenuka osagula kanthu. Kamdzukulu kankafunsa kuti, "Agogo, akuseka chiyani?" koma iwo adangopitiriza ulendo.

Odete adamupeza Sofia kuseri kwa msika akusankha nyemba za mayi ake.

"Unalumbira."

"Ndinangouza mayi anga. Mayi ndi munthu wakunja ngati?"

"Wawaona a tiyu mmene achokera pano?"

"Nanga mcherewo ndinatenga ndine? Usandivute, iwe. Unkafuna kudziwa, wadziwa."

Odete adafuna kulira, koma pamsika padali anthu. Chimene chidamupweteka kwambiri n'chakuti Sofia sankaoneka n'komwe ngati walakwa. Ankangosankha nyemba, zabwino uku, zofumbwa uku, osadzutsa mutu.

6. Dengu Lodzaza

Loweruka lotsatira mphasa ya a Gervásio idali yopanda munthu. Anthu adang'ung'udza, koma mozizira, poti aliyense khutu lidali ku chitseko. Ena polowa ankakhuthula chimanga mwaphokoso kuti amveke kuti aika. Ena ankatuluka manja atatambasula, nsalu ataikutumula, ngakhale kuti onse amayenera kukhala otseka maso.

Atatha, Dona Lurdes adachita chimene sadachitepo. Adatulutsa dengu, adaliika pakati pa chipinda, n'kulivundukula. Lidali lodzaza tho.

"Taonani," adatero. "Chiyambire sindinalionepo litadzaza chonchi. Wina akhoza kuwomba m'manja, koma ine ndikuona maliro. Muno muli ana amene agone ndi njala lero chakudya chili apa, chifukwa amayi awo aopa diso. Amene anatenga sindimufunsa, poti anatenga chake, dengu tinaikira zimenezo. Ndikufunsa amene anaona."

Odete adatsegula pakamwa, koma Sofia adamutsogolera.

"Ine ndinamuletsa, Dona Lurdes. Ndi Odete. Anakhala dala pakona paja, ndipo mchere wake anaumanga ndi ulusi wofiira kuti aulondole. Ndinamuuza kuti n'kulakwa, sanandimvere."

Odete adatembenuka. Adayang'ana mnzake uja ankafunda naye nsalu imodzi, koma Sofia maso adali pa mphasa.

"Sofia, si iwe unandionetsa mpata uja?"

"Ine maso anga anali otseka."

"Odete," adatero Dona Lurdes, "diso linali la yani?"

"Langa, Dona Lurdes."

"Chabwino. Za pakamwa ndidzakamba ndi mwini pakamwa, poti ndikumudziwa." Sofia adaweramitsa mutu. Dona Lurdes adakhala pansi moyang'anana ndi Odete, ndipo sadakweze mawu.

"Mwana wanga, unaona dzanja likutenga. Chimene linaika unachionanso, koma unachiyesa zinyalala. Tayang'ana mphasa wakhalirayo, yasokedwa ndi chiyani? Zisakasa zanu kuseri kwa shikola zamangidwa ndi chiyani? Luzi lonselo linkadzera m'dengu ili. Ine sindinasuzumirepo, koma mabala a m'manja mwa munthu uja ndimawatsuka ndine ku posto. Amalowa m'thengo, kumene ife tonse timaopa, kukasenda luzi, chifukwa safuna kulowa m'kachipinda umu chimanjamanja. Ali ndi ana atatu omuyang'ana pakamwa, ndipo ng'ombe za ku Malawi zija zimadya msipu m'kamwa mwa anthu basi. Iwe unapereka mchere, koma chingwe unatsala nacho. Unkafuna kuthandiza a Terezinha, ndikudziwa. Tsono lero a Terezinha atenga chiyani? Afunse. Madzi akatayika saoleka. Mpata wa chitseko ndiumata ndi dothi lero lomwe, imeneyo si ntchito. Koma kuti anthu awa adzatsekenso maso ndi mtima wonse, sindikudziwa kuti nditani."

Adavundikiranso dengu n'kuuza onse kuti chitseko cha nyumba yawo chikhala chotsegula tsiku lonse, wofuna abwere yekha. Anthu adatuluka mmodzimmodzi. Palibe adamuyankhula Odete, ndipo palibe adabwerera kudzatenga.

Madzulo a tsikulo kwawo kudali nkhwani yekha. A Emília ankayesa kupakula, koma manja ankanjenjemera mpaka chipande chidagwa pansi. Kunjenjemera kumeneku kudali kutasiya kalekale.

"Amayi, nyemba zija zatha?" adafunsa Odete.

"Unkaganiza kuti zinkachokera kuti, mwana wanga?"

"Munkati amalume amatumiza."

"Amalume ako ali ku kampu ku Malawi, akudya zolandira. Angatumize chiyani? Loweruka lililonse ndinkalowa ndi kamfutso pang'ono, n'kutuluka ndi nyemba zimene unkadyazo. Ukadatsegula diso lako msanga pang'ono, bwenzi pamsika paja akuseka ine."

Odete adagwada. "Pepani, amayi. Sofia ndi amene..."

"Za Sofia usandiuze, si mwana wanga." A Emília adatola chipande n'kuchipukuta pa nsalu. "Chichokere ku Kaphande, nyumba ija ndi malo okhawo amene ndinkatseka maso osaopa. Ndinkati mwana wanga ali pafupi, palibe chingandichitikire. Sindinkadziwa kuti diso limene ndiyenera kuopa lili m'nyumba mwanga."

Sadamukalipire, sadamumenye. Adamugawira nkhwani, wambiri kuposa wawo, ndipo Odete adangoyang'ana m'mbale osadya.

7. Mchere Ubwerera

M'mawa mwake potuluka kukasesa, Odete adapeza kanthu pakhomo, pamwamba pa mwala. Lidali phukusi lija. Ulusi wofiira udali utamangidwanso bwino, ndipo mchere udachepa pang'ono chabe, ngati wothira m'ndiwo kamodzi.

Adalitola n'kuthamangira kumapeto kwa zisakasa, kumene a Gervásio ankakhala. Adapeza Maria, mdzukulu wamkulu, wa msinkhu wongoyamba kumene kutunga madzi, akukoleza moto. Ang'ono awiri adali chigonere pa mphasa. Chimene adafunda lidali jekete lakuda lija la mabatani achitsulo.

"Maria, agogo ali kuti?"

"Apita ku Kaphande kukakumba mbatata. Atenga khasu ndi thumba."

"Ku Kaphande? Sakudziwa kuti kuli anthu a mfuti?"

"Anati akudziwa. Anati koma m'munda mwawo palibe angawaseke."

"Nanga jekete asiyiranji, kukuzizira chonchi?"

"Anati ndilisunge bwino, mlongo wanga Jaime akadzakula adzavale." Maria adauzira moto n'kupukuta maso chifukwa cha utsi. "Anatinso dzuwa likafika pamutu iwo asanabwere, tipite kwa Dona Lurdes, tikakhale komweko."

Odete adayang'ana kuphiri. Dzuwa lidali litangotuluka. Munthu wamkulu, wa miyendo yotopa, sakadafika patali.

Adaika phukusi lija m'manja mwa Maria n'kuwafumbatitsa. "Uwu ndi mchere wanu. Thamanga kwa Dona Lurdes tsopano lino, usadikire dzuwa. Ukawauze zimene wandiuzazi. Ukawauzenso kuti ine ndawatsatira agogo, ndikukawabweza."

Podutsa pa chitsime adamuona Sofia ali ndi mtsuko pamutu. Sofia adamuitana dzina kawiri. Odete sadacheuke.

Njira ya ku Kaphande idali itamera udzu, poti padapita nthawi anthu osaiponda. Mame adamunyowetsa mpaka m'chiuno, koma ndi mame omwewo amene adamuonetsa podzera a Gervásio, pamene udzu udagona. Adathamanga, adayenda, adathamanganso, mpaka zisakasa ndi denga la shikola zidabisika kuseri kwa chitunda.

Pa kamtsinje ka kumunsi adaima. M'matope a pawolokera mudali mapazi a a Gervásio, a nsapato zawo za tayala, ndi pamene adatsamira khasu powoloka. Odete adawerama kuti aone ngati adutsa kale kwambiri.

Pamwamba pa mapaziwo padali pataponda mapazi ena, a nsapato zikuluzikulu za zidindo, zija amavala anthu a mfuti, ochokera m'thengo n'kulowa m'njira yomweyo. Adali ambiri, ndipo madzi adali akadalowabe m'menemo.